Nchito yofukula zobisika ilipo, koma simuzaiona pa ma advert

Mu 2020, nyuzipepala ya News Diggers inayamba kufunsa mafunso pa kontrakiti ya madola 17 miliyoni yamene unduna wa zaumoyo unapatsa kampani ya Honeybee Pharmacy kuti ibweretse mankhwala a mu makiliniki. Pofika January 2021, nkhani inali mu Parliament. Komiti yoona za ndalama za boma inamva kuti makondomu na magulovu olephera mayeso anali atagawidwa kale, ndipo mwezi womwewo nduna ya zaumoyo inachotsedwa pa mpando. Mu minibasi, mu saluni, pa Soweto Market, aliyense anali kukamba za Honeybee.

Nkhani ija siinagwe kumwamba. Panali anthu amene anakhala pansi kuwerenga mapepala, kutuma mafoni, kubwezedwa pa ma ofesi na kubwererako mawa lake. Iyo ni nchito, ndipo achinyamata ambiri amene ali na diploma mu chola afunsa ati: nanga ise tingalowe bwanji? Nchito ilipo, koma kawirikawiri siilengezedwa. Muilowa na nkhani imodzi yokhala na umboni, yamene palibe wina anailemba.

SI MPHEKESERA ZA PA FACEBOOK

Mtolankhani wa masiku onse alemba zamene abwana akamba pa press briefing. Wofufuza alemba zamene wina wake afuna kuti zisadziwike, ndipo azilemba na mapepala m'manja. Kumva chabe ati "ba uje adya ndalama" si nkhani. Ni poyambira chabe.

Tiyeni titenge CDF. Mu 2021 constituency imodzi inali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalama zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu bajeti ya 2025 zinafika K36.1 miliyoni. Ndalama zambiri chonchi zikalowa mu komboni na m'midzi, mafunso nayonso achuluka.

Manje tinene kuti mu ward yanu anakamba kuti azamanga makalasi atatu, koma miyezi yapita ndipo pali maziko chabe na udzu. Wofufuza apita ku council kufunsa kuti nchito inapatsidwa kampani iti, pa ndalama zingati, ndipo zalipiridwa zingati. Apita ku PACRA kuona eni ake a kampaniyo na tsiku lamene inalembetsedwa. Atsegula lipoti ya Auditor General kuona ngati nkhaniyo ilimo. Apita pa malo, ajambula zithunzi, akamba na aheadi na makolo. Pothera pake atumira kontrakita na ba council kuti nawonso ayankhe nkhani ikalibe kutuluka. Mwina muzapeza kuti palibe anaba, ndalama zinachedwa chabe kubwera. Olo zikhale choncho, mwasebenza bwino: simunanamizire munthu. Zonse izi zingatenge mwezi kapena itatu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

SUKULU YAKE NI ITI?

Njira yodziwika ni digiri ya za media pa UNZA, diploma ya journalism pa Evelyn Hone College, kapena maphunziro a ku ZAMCOM. Kumeneko muphunzira kalembedwe, malamulo okhudza atolankhani na mofunsira mafunso. Pepala ithandiza maningi pofuna nchito ya pamwezi.

Koma musaganize kuti amene anaphunzira zina alibe malo. Wa accounts aona msanga pamene manambala akana kugwirizana. Nesi adziwa mankhwala amene afunika kupezeka pa kiliniki. Pamene damu ya zinyalala za mugodi ya Sino-Metals inaphulika ku Chambishi pa 18 February 2025, asidi n'kulowa mu Mwambashi na Kafue mpaka madzi a mu Kitwe anatsekedwa, nkhani ija inafuna munthu womvetsa zotuluka mu labu, osati wodziwa chizungu chokoma chabe. Chimodzimodzi nkhani ya mtovu ku Kabwe, kumene mugodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akali kudwala.

Onjezani zinthu zitatu: kudziwa Excel, kusunga mapepala mwadongosolo, na zilankhulo. Amayi a pa msika sazakuuzani za mumtima mu chizungu. Chinyanja, Chibemba, Chitonga kapena Chilozi chanu ni chitsulo cha nchito.

NANGA NCHITO ZILI KUTI?

Poyamba pali ma newsroom. News Diggers na The Mast zinabadwa The Post itatsekedwa mu 2016. MakanDay, yamene nayonso inayamba mu 2016, nchito yake ni yofufuza basi, ndipo imaphunzitsa atolankhani achichepere. Musanyoze ma wailesi a m'madera monga Breeze FM ku Chipata. Kumeneko mpikisano ni wochepa, ndipo nkhani za malo, mafumu, feteleza wa FISP na makala zili pakhomo penipeni.

Chachiwiri, mabungwe osakhala a boma. Transparency International Zambia na ena otere afuna anthu odziwa kufufuza na kulemba malipoti omveka. Lipoti yotchuka ya 2019 pa malonda a mitengo ya mukula inachokera ku bungwe ya Environmental Investigation Agency, osati ku nyuzipepala. Palinso nchito yotsimikizira ngati nkhani zofala pa intaneti ni zoona, monga yamene iVerify Zambia inayamba pa masankho a 2021.

Chachitatu, kunja. BBC Africa Eye isebenza na atolankhani a m'maiko amene nkhani ichitikira. Pulitzer Center ipereka ndalama zolembera nkhani imodzi imodzi. Chaka chilichonse yunivesite ya Wits ku Johannesburg ichititsa msonkhano wa atolankhani ofufuza a mu Africa, ndipo kumeneko anthu apeza anzawo osebenza nawo. Onse awa funso yao yoyamba ni imodzi: tionetseni zamene munalembapo.

Ngati mtima wanu uli pa kufufuza koma osati pa dzina mu nyuzipepala, ACC, DEC, Financial Intelligence Centre na ofesi ya Auditor General nazonso zilemba anthu. Iyo ni nchito ya boma, ili na malamulo ake a chinsinsi, koma maluso ni ofanana.

ZA M'THUMBA NA BLALIZO

Tikambe zoona. Utolankhani mu Zambia siulemeretsa. Ma newsroom ambiri alipira zochepa, ena achedwa, ndipo oyamba kumene nthawi zina asebenza miyezi popanda malipiro. Amene akhalitsa mu nchito yofufuza kambiri adya mu mbale zingapo: malipiro a pamwezi, ka grant ka nkhani imodzi, kugulitsa nkhani kunja, kuphunzitsa ena, na mphotho monga za MISA Zambia.

Apa ndiye pabwera mayeso. Aliyense wa mu media adziwa blalizo, ka envelopu kamene kaperekedwa msonkhano ukatha ati ni ka transport. Landlord akagogoda, kakana kuoneka koipa. Koma wofufuza amene walandira envelopu kwa munthu amene amufufuza watha nchito tsiku lomwelo. Wopereka uja azauza anzake mtengo wanu, kaili Lusaka ni ing'ono. Ndipo choipa kupambana ni kutumira munthu foni ati "nipatseniko kangachepe, nkhani siizatuluka". Uko si kufufuza, ni mulandu wa ku polisi. Chuma cha wofufuza ni dzina lake: dzina ikaonongeka, palibe mkonzi olo wopereka grant azayankha email yanu.

MALAMULO NA NGOZI

Zina zasintha bwino. Mu December 2022 lamulo yoletsa kunyoza President inachotsedwa. Mu December 2023 lamulo ya Access to Information inasainidwa patapita zaka zoposa 20 anthu akuilirira. Manje nzika iliyonse, osati mtolankhani chabe, ingalembe kalata kupempha mapepala ku ofesi ya boma, ndipo akakukanizani mungadandaule ku Human Rights Commission.

Koma walira mvula walira matope. Kuipitsa dzina la munthu ukali mulandu, ndipo angakutengereni ku khoti kufuna ndalama zamene simunazionepo. Malamulo atsopano a cyber a mu April 2025 adandaulitsa atolankhani na maloya, amene akamba kuti angasebenzesedwe kumvetsera mafoni na kuopseza olemba. Nchito nayonso ingathe usiku umodzi: ZRA itatseka The Post mu June 2016 pa nkhani ya msonkho, antchito ambiri anapezeka pa msewu, ndipo Prime TV inalandidwa laisensi mu April 2020 mpaka boma itasintha mu 2021. Ku Ghana, Ahmed Hussein-Suale, amene anathandiza kufukula ziphuphu mu mpira, anaomberedwa mu January 2019.

Ndiye chifukwa chake wofufuza sasebenza yekha. Mkonzi afunika kudziwa kumene mwapita na nthawi yobwerako. Mapepala sungani malo awiri. Nkhani yolemera ione loya ikalibe kutuluka. Ndipo munthu amene wakupatsani chinsinsi musamutchule, olo kwa chibwenzi, olo pa bala. Iye angataye nchito chifukwa cha pakamwa panu.

POYAMBIRA

Osayamba na State House. Yambani na chinthu chamene mungafikeko na mapazi kapena na minibasi imodzi: kiliniki yosowa mankhwala, ma plot ogulitsidwa kawiri, ngalande yolipiridwa koma yosakumbidwa pamene mvula ili pafupi ku Kanyama. Lipoti ya Auditor General ipezeka mahala pa intaneti. Tsegulani, sakilani district yanu, sankhani ndime imodzi, ndipo pitani mukaone na maso ngati zinakonzedwa.

Mukapeza kanthu, lemberani mkonzi mizere yochepa: nkhani ni iyi, umboni nili nao ni uwu, wotsala ni uwu, nifuna masiku akuti na ndalama zakuti za transport. Mkonzi woyamba angakhale zii. Tumizani kwa wachiwiri. Nkhani ikatuluka, isungeni bwino, chifukwa iyo ndiye CV yamene muzaonetsa pogogoda pa chitseko chotsatira.