Mukufuna Kukapuma ku Zanzibar? Yambani ndi Tikiti ya Ndege, Osati Zithunzi

Ikangofika Disembala, pa WhatsApp pamadzaza zithunzi za mchenga woyera, madzi obiriwira ndi anthu atavala magalasi akuda pansi pa mitengo ya kokonati. Pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina limodzi basi: Zanzibar. Ambirife timangoyang'ana n'kunena kuti "awa ndiye zawo zinayera," kenako n'kubwerera ku zathu. Komatu Zanzibar si kutali monga timaganizira. Ndi mbali ya Tanzania, dziko lomwe tinachita nalo malire, ndipo Mmalawi safunika viza kuti akalowe. Chimene chimagwetsa anthu si mtunda ayi, ndi kakonzedwe. Munthu amayamba ndi kusankha hotela yomwe waiona pa Instagram, za ndege n'kumaziganizira kumapeto, pamene ndegeyo ndi imene imadya gawo lalikulu la ndalama, komanso ndi imene imalamula kuti mukakhala masiku angati pachilumbapo.

Mufika bwanji?

Njira yachidule ndi yodzera ku Dar es Salaam. Malawi Airlines imauluka kuchoka ku Lilongwe kupita kumeneko, ndipo mukatera pa bwalo la Julius Nyerere mwatsala ndi kachidutswa kakang'ono. Mukhoza kukwera ndege ina yomwe imatenga mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono n'kukatera pa bwalo la Abeid Amani Karume, kufupi ndi Stone Town. Apo ayi mupite kudoko mukakwere boti lothamanga la Azam Marine, lomwe limayenda pafupifupi maola awiri.

Apa ndi pamene pamafunika maso. Bwalo la ndege la ku Dar lili ndi nyumba zitatu zonyamukira. Ndege zochokera kunja zimatera ku Terminal 3, pamene tindege tating'ono ta makampani monga Coastal Aviation ndi Auric Air timanyamukira ku Terminal 1, komwe si koyenda wapansi mutasenza katundu. Tindege timeneti timakhwimitsanso za kulemera kwa chikwama. Ena amalola makilogalamu 15 okha, ndiye sutikesi yomwe inadutsa bwinobwino ku Lilongwe ikhoza kukulipiritsani ku Dar. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta pa tikiti tija, tomwe tonsefe timakonda kungodumpha.

China ndi ichi: mukagula matikiti awiri osiyana, ina ya Lilongwe kupita ku Dar, ina ya Dar kupita ku Zanzibar, kampani yachiwiriyo ilibe nazo ntchito zoti ndege yoyamba inachedwa. Mukaiphonya mwaiphonya, mugulanso. Ine ndimasiya maola osachepera anayi pakati pa maulendo awiriwa, kapena kungogona ku Dar usiku umodzi n'kuwoloka m'mawa pa boti. Ngati simunakwerepo boti pa nyanja ya mchere, idyani mopepuka. Mafunde ake sachita chibwana, makamaka madzulo.

Palinso njira zozungulira, ya Kenya Airways kudzera ku Nairobi ndi ya Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa. Ubwino wake ndi woti tikiti ndi imodzi mpaka ku Zanzibar, ndiye ndege ikachedwa ndi udindo wawo kukupezerani ina. Kuipa kwake, mumathera tsiku lonse m'mabwalo a ndege. Komanso Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo Tanzania imafuna khadi la katemera kwa munthu amene wakhala maola opitirira 12 m'mayiko otere. Ngati khadi lachikasu lija muli nalo, liikeni mu pasipoti basi.

Kwa amene thumba ndi lopyapyala koma nthawi ilipo, makamaka a kumpoto, ganizirani zodutsa pa malire a Songwe pa basi, kukafika ku Mbeya, kenako kukwera ndege ya m'dziko momwemo kuchoka pa bwalo la Songwe kupita ku Dar. Ndi njira yotopetsa, sindinama, koma yerekezerani mitengo musanaikane. Abale athu a ku Joni ndiye zawo n'zosavuta, pali ndege zochoka ku Johannesburg zokatera ku Zanzibar osaima pena.

Wotchi nayo ikhoza kukupusitsani. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya komwe ndege ikunyamukira kapena kutera. Kuwonjezera apo, Aswahili amawerenga maola kuyambira dzuwa likatuluka. Woyendetsa takisi akati "saa mbili asubuhi" sakunena 2 koloko, akunena 8 koloko m'mawa. Mukamapangana nthawi, muonetseni manambala pa foni.

Mapepala ndi madola

Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposera isanathe. Muziyenda nayo pafupi ngakhale mukuchokera ku Dar, chifukwa Zanzibar, ngakhale inalumikizana ndi Tanganyika mu 1964, ili ndi boma lakelake ndipo a zolowa ndi kutuluka amaima padoko kuyang'ana mapepala. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, boma limenelo linalamula kuti alendo akunja azigula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe mtengo wake unalengezedwa kuti ndi madola 44 munthu wamkulu. Inshuwalansi ina yomwe muli nayo kale siilowa m'malo. Imagulidwa pa intaneti, ndiye onani mtengo wa panopa pa webusaiti yawo musananyamuke, ndipo musamale ndi mawebusaiti onamizira.

Za ndalama zakunja tonse tikudziwa mmene zilili kuno kwathu. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo dola ku banki siipezeka tsiku lomwe waifuna. N'chifukwa chake ndikuti tikiti iyambe. Banki imafuna kuona pasipoti ndi tikiti isanakugulitseni madola a paulendo, ndiye amene wagula tikiti mochedwa amapezeka akuthamangira kwa anyamata a pamsewu, kumene mtengo wake umapha bajeti yonse, osanenanso zoti n'kuphwanya lamulo. Funsaninso banki yanu kuti khadi lanu likuloledwa kugwiritsa ntchito ndalama zingati kunja. Madola akale kapena ong'ambika amawakana. Mukafika, sinthani ena akhale mashilingi a Tanzania ogulira chakudya ndi kukwerera daladala, timabasi tawo tomwe timanyamukira ku Darajani. Pa hotela funsiranitu ngati mtengo omwe akutchula waphatikiza msonkho womwe mlendo amalipira usiku uliwonse.

Miyezi yake? Mvula yaikulu imagwa kuyambira chakumapeto kwa Malichi mpaka Meyi. Mitengo imatsika, koma mukhoza kuthera tchuthi chonse pakhonde. Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma ndi kozizirira bwino. Disembala ndi Januwale ndi nthawi ya chikhamu, zonse zimakwera. Okonda nyimbo aziyang'ana Febuluwale, pamene kumachitika Sauti za Busara ku Stone Town. Onaninso kuti Ramadan igwa liti chaka chimenecho. Anthu ambiri pachilumbapa ndi Asilamu, malo odyera ambiri amatseka masana, ndipo kudya poyera mumsewu nthawi imeneyo ndi mwano. Ngakhale masiku ena onse, zovala zosambira n'za kugombe. M'tauni phimbani mapewa ndi mawondo, chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani.

Masiku asanu muwagawe chonchi

Chilumba chachikulu, chomwe ambiri amangochitcha Zanzibar, dzina lake ndi Unguja. Mukakhala ndi masiku asanu, ine ndingati awiri ku Stone Town, atatu kugombe. Koma gombe liti? Ife tinazolowera nyanja ya Malawi, yomwe ukaisiya pano m'mawa umaipeza pomwepo madzulo. Nyanja ya mchere siitero. Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje ndi ku Jambiani, madzi amathawa mtunda wautali kawiri pa tsiku, moti ukhoza kudzuka ndi chovala chosambira n'kupeza mchenga wokhawokha ndi amayi akukolola ndere za m'nyanja zomwe amalima. N'zokongola kuona, ndipo malo ogona otsika mtengo ndi ambiri kumeneko. Koma ngati cholinga chanu ndi kusambira nthawi iliyonse, pitani kumpoto, ku Nungwi kapena ku Kendwa, komwe madzi sathawa kwambiri. Kumeneko ndiye kuli phokoso, madansi ndi mitengo yokwererapo.

Opita ku Paje amadutsa pa nkhalango ya Jozani, kwawo kwa apusi ofiira otchedwa red colobus, omwe ndi a ku Zanzibar kokha. Imani pomwepo popita, musachite kubwerera tsiku lina n'kulipira galimoto kawiri. Kachilumba ka Changuu, komwe ambiri amakatcha Prison Island, kali pafupi ndi Stone Town, ndipo kuli akamba akuluakulu omwe makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919. Ndende yomwe inamangidwa kumeneko siinasungepo akaidi, inasanduka malo osungirako odwala matenda opatsirana. Ana amasangalala nako. Kwa munthu wamkulu wa masiku ochepa, ndikuona kuti ndi malo oti ukhoza kuwadumpha osadandaula. Minda ya zokometsera zakudya ya ku Kizimbani ndi yabwinoko, ukaona ndi maso mtengo umene umabala zomwe timangoziona zili ufa m'sitolo.

Tsiku la ku Mkunazini

Pali malo amodzi omwe sindingalole mnzanga awaphonye, ngakhale atasiya akamba, apusi ndi minda yonse. Stone Town inaikidwa m'kaundula wa UNESCO mu 2000, ndipo anthu amapita kukajambulitsa pa zitseko zake zosemedwa, pa Old Fort, ndi pa nyumba yokumbukira Freddie Mercury, yemwe anabadwira m'tauniyi mu 1946. House of Wonders musaiwerengere kwambiri, mbali yake ina inagwa mu Disembala 2020. Koma mukalowa m'tinjira topanikizika tija mpaka ku Mkunazini, mupeza tchalitchi cha Anglican cha Christ Church.

Tchalitchichi chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873 Sultan Barghash atakakamizidwa ndi Angelezi kusaina pangano. Amene anatsogolera ntchito yomanga ndi Bishopu Edward Steere, ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Otsogolera alendo amanena kuti guwalo lili pomwe ankamangirira anthu pofuna kuwakwapula. Panja pali dzenje momwe muli ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, ntchito ya Clara Sörnäs wa ku Sweden. Pambali pali nyumba yomwe yafotokoza mbiri yonse ndi zithunzi komanso mapu.

Yang'anani mapuwo bwinobwino, muona nyanja yathu. M'zaka za m'ma 1800, Nkhotakota inali likulu la a Jumbe, amalonda achiswahili omwe ankasonkhanitsa anthu ogwidwa m'midzi, kuwawolotsa nyanja pa zombo, kenako kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, ulendo wa miyezi. Ambiri ankafera m'njira. Otsala ankakwezedwa zombo zina kupita ku Zanzibar, ena kukalima m'minda ya pachilumbapo, ena kukagulitsidwa kutali. Kugombeko ankawatcha Wanyasa. Nditaima pa dzenje lija ndinawerengera m'mutu kuti mtunda umene ine ndinauyenda m'maola ochepa, nditakhala pa mpando ndikumwa tiyi, wina wolankhula chinenero changa chomwechi anauyenda ndi goli m'khosi.

Ulusi wina wolumikiza malowa ndi kwathu ndi wa mishoni. Bungwe lomwe linamanga tchalitchichi, la UMCA, linayambira ntchito yake ku Magomero mu 1861. Zinthu zitavuta linasamukira ku Zanzibar, kenako linabwerera kunyanja n'kukhazikika pa Likoma, pomwe ntchito yomanga tchalitchi cha St Peter inayamba mu 1903. Amene munafikako ku Likoma mudzamva ngati mwakumana ndi m'bale wake. Mkati mwa Christ Church mulinso kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo womwe pansi pake panakwiriridwa mtima wa David Livingstone, kwa Chitambo ku Zambia.

Pitani m'mawa kusanatenthe ndipo magulu a alendo asanachuluke. Lipirani pakhomo, tengani wotsogolera wa pomwepo, mumuuze kuti mwachokera ku Malawi, muona mmene nkhani idzasinthire. Siyani maola awiri osachepera. Ndipo chonde aise, pa ziboliboli paja si pojambulitsa ukumwetulira.

Madzulo ake tsikirani ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, komwe dzuwa likangolowa pamayalidwa matebulo a zakudya. Lawani urojo, msuzi wowawasira wa mbatatesi, ndi mishkaki, nyama yootcha pa timitengo, mutsitsire ndi madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo. Funsani mtengo musanaloze, ndipo nsomba kapena nkhanu yomwe yaoneka kuti yakhalitsa patebulo isiyeni.

Za tsiku lobwerera zikonzeni pomwe mukugula tikiti. Ngati ndege yanu ya ku Lilongwe ikunyamuka ku Dar m'mawa, musadalire boti la tsiku lomwelo. Nyanja ikavuta maboti amachedwa kapena kuimitsidwa, ndipo kuchoka padoko kukafika ku bwalo la ndege magalimoto a ku Dar amathinana koopsa. Wolokani dzulo lake, ndipo ndalama ya chipinda cha usiku umenewo ndi ya takisi muiike padera kuyambira tsiku loyamba.