Mpopi wa kumapeto kwa paipi

Amene anatungapo madzi m'komboni amadziwa kuti mipopi siiuma nthawi imodzi. Madzi akayamba kuchepa mphamvu, woyamba kutsokomola ndi mpopi wa kumapeto kwa paipi. Okhala pafupi ndi thanki amangosamba, osadziwa kanthu. Madziwo akabwerera, wakumapeto yemweyo ndiye amalandira pomalizira, zigubu zitafola kale mzere.

Ndalama za mu Lusaka zimayendanso choncho. Zimachokera ku migodi ya kopa, ku malipiro a boma ndi a makampani, n'kudutsa kumayadi, kenako n'kudontha m'manja mwa wometa wa ku Chawama, woluka tsitsi wa ku Mtendere, kondakitala wa minibasi ya ku Matero, wokankha wilibala pa Soweto Market. Anthuwa amagulitsa manja awo, ndipo thumba likapepuka, manja a mnzako ndiwo umayamba kuwasiya. Nsima sungaiuze kuti idikire, koma tsitsi limadikira. Mayi wa ku Kabulonga amene ankaitana wochapa wa ku Kalingalinga katatu pa sabata amayamba kumuitana kamodzi. Palibe wachotsedwa ntchito, palibe kalata yalembedwa, koma mpopi wayamba kale kutsokomola.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri zimene anthuwa apeza pa sabata. Za tsiku limodzi zimanama: Loweruka ndi Lachiwiri n'zosiyana ngati dzinja ndi chilimwe. Za pamwezi zimabisa, poti sabata yamalipiro imakwirira njala ya pakati pa mwezi. Sabata ndiyo imaonetsa ngati munthu akwanitsa kusonkha chilimba kapena athamangira kwa akaloba.

Pepala la boma lili ndi mawu ake. Kuyambira pa 1 January 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anakwera kuchoka pa K993.60 kufika pa K1,300 pamwezi, pafupifupi K300 pa sabata. Wa m'sitolo wa pagiredi yotsika anafika pa K2,313.10. Chaka chomwecho, dengu la zofunika pamoyo limene bungwe la JCTR limawerengera banja la anthu asanu mu Lusaka linapitirira K10,000 pamwezi. Ndiye kumva kuti malipiro akwera sikokwanira. Chigubu chikhoza kudzaza msanga chifukwa choti chachepa, osati chifukwa madzi achuluka. Funso labwino kwa wometa si lakuti wapeza makwacha angati, koma lakuti ndalamazo zagula thumba la ufa la makilogalamu 25 kapena banja likudyera mu pamela, timaphukusi ta ufa wochepa. Amayi a pakantemba amadziwa bwino zimenezi. Akaona makasitomala a thumba lathunthu ayamba kufunsa kapamela ndi mafuta a m'kapulasitiki, sasowa wowauza kuti zinthu zathina.

Komatu mpopi ukauma, si nthawi zonse pamene vuto limakhala ku thanki. Mwina paipi yaphulika kuseri kwa nyumba. Mu January 2018, kolera itavuta, boma linaletsa malonda a m'misewu ndi kuika lamulo loti anthu a ku Kanyama asayende usiku. Ndalama za pa sabata zinagwa kumeneko, pamene migodi ya ku Solwezi inkagwira ntchito monga kale. Madzi akasefukira ku Kanyama m'dzinja, saluni imakhala yopanda munthu chifukwa cha matope basi. Wofuna kudziwa za mzinda wonse ayenera kuyendera mipopi ingapo: Kanyama ikalira yokha, ndi nkhani ya Kanyama; koma George, Chawama ndi Mtendere zikalira pamodzi, madzi achepadi kumtunda.

Mu 2024 zinalira zonse. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse. Madzi a mu damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika, ndipo pofika September malaiti ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Wometa wopanda jenereta kapena makina a batire ankangokhala pabenchi. Owotcherera zitsulo a mumsewu wa Alick Nkhata ankagwira ntchito pakati pa usiku, nthawi imene magetsi abwera.

A ZamStats, bungwe la boma la ziwerengero, amayeza kukwera kwa mitengo mwezi uliwonse, ndipo kafukufuku wawo wa anthu ogwira ntchito amasonyeza kuti ambiri mu Zambia sali pa ntchito zolembedwa. Ntchito ya ZamStats ndi yofunika, koma malipoti a ntchito ndi malipiro amatuluka miyezi itadutsa. Wometa samadikira zimenezo. Lamlungu madzulo akasesa tsitsi, amatsegula kabuku kake, n'kuona kuti mitu yachepa ndipo maina a ongongola afika tsamba lachiwiri.