Tifunse tisanagule pampu ya mafuta

Dzinja likafika, mseu wocoka ku Petauke kupita kwa Sandwe, kapena wa ku Nyimba kupita kwa Luembe, suona nkhope. Galimoto ya parishi imene inatitengera feteleza masana ndi yomweyo imene ithamangitsa wodwala ku cipatala ca Minga usiku. Pampu ya mafuta ikafera panjira, wodwalayo agona m'thengo.

Pogula pampu yamagetsi yomanga pa paipi, ambiri tingofunsa mtengo. Tiyambe tafunsa za injini. Ya kabyuleta ifuna pampu yokankha pang'ono, kosafika theka la bar. Ya petulo ya injection ifuna pafupifupi 3 bar. Tikasinthanitsa, kabyuleta isefukira, ya injection siilira n'komwe. Tionenso ngati pampuyo ndi ya petulo kapena dizilo, ya 12 kapena 24 volts.

Pampu yotere idziwa kukankha, kukoka ilephera. Motero amakanika aimange m'munsi pafupi ndi thanki, pobisika ku zitsa ndi miyala. Sefa ikhale pakati pa thanki ndi pampu, pakuti mafuta a m'zigubu sacedwa kulowa fumbi ndi madzi. Waya wake adzere pa fyuzi, ndipo pampu izizima pamodzi ndi injini, kuopa moto.

Tikonze zimenezi mvula isanagwe.