Boma lisanachotse komiti ya kopaletivi, liyambe lamva mbali yake

Alimi anzanga, sabata ino ndati tisiyeko za mbewu ndi feteleza, tikambirane za ulamuliro wa makopaletivi athu. Funso langa ndi ili: kodi akuluakulu a boma akabwera ndi kalata yonena kuti komiti yomwe mudasankha yachotsedwa, ndipo kuyambira lero makiyi a nyumba yosungira mbewu ndi mabuku a ndalama akhala m'manja mwa munthu amene iwo asankha, inu mamembala muli ndi ufulu wotani?

Nkhaniyi si yaing'ono. M'nyumba imeneyo muli soya, mtedza kapena mpunga wanu womwe simudalandirepo ndalama, ndipo ku banki kuli masheya anu. Wogwira makiyi ndiye amagamula tsiku logulitsa, wogula ndi mtengo wake.

Mphamvu za boma

Ndiyambe ndanena kuti boma lili ndi chifukwa cholowererapo. Tonse tamvapo za apampando ndi asungichuma omwe amasandutsa ndalama za gulu kukhala zawo, kapena kutha zaka osaitanitsa msonkhano waukulu wa pachaka. Zikatero mlimi wamba amasowa kolowera. Nchifukwa chake lamulo la makopaletivi la 1998 lidapatsa mkulu wolembetsa makopaletivi, Registrar, mphamvu younika mabuku, kuchita kafukufuku ngakhalenso kufufuta kopaletivi m'kaundula. Kwa ma SACCO, lamulo la 2011 lidaika ntchito yowayang'anira m'manja mwa mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo lamulo la ntchito za chuma la 2010 lidamulola kutenga utsogoleri wa bungwe lomwe likuika ndalama za anthu pachiswe.

Koma mpeni wosendera mbatata ndi womwewo umacheka chala. Akuluakulu athu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1960 makopaletivi ambiri a alimi m'dziko muno adathetsedwa, ndipo malonda a mbewu adatsalira bungwe la boma lomwe mu 1971 lidakhala ADMARC. Ku Tanzania boma lidathetsa mabungwe akuluakulu a makopaletivi mu 1976, koma patapita zaka zochepa lidawabwezeretsa. Ndi mbiri yotereyi, n'zosadabwitsa kuti mabungwe a makopaletivi a dziko lonse atakumana ku Manchester mu 1995 adaika kudziimira paokha ngati imodzi mwa mfundo zisanu ndi ziwiri za kopaletivi yeniyeni.

Zomwe gawo 43 likunena

Chitetezo chanu chachikulu chili m'malamulo oyendetsera dziko lino a 1994. Gawo 43 limapatsa munthu aliyense zinthu ziwiri. Choyamba, ofesi ya boma ikamachita chinthu chokhudza ufulu wake kapena zinthu zake, ichite motsata lamulo ndi ndondomeko yachilungamo, ndipo chigamulo chigwirizane ndi zifukwa zomwe zaperekedwa. Chachiwiri, munthuyo apatsidwe zifukwazo molemba. Malamulo amenewa ndi aakulu kuposa lamulo lina lililonse, choncho ngakhale Registrar sangawalumphe.

Izi si zachilendo kwa ife. Pabwalo la amfumu wodandaula akatha kuyankhula, nduna zimatembenukira kwa winayo kuti nayenso anene zake. Mfumu yogamula itamva mbali imodzi anthu amaiseka. Makhoti a ku England adafika pa mfundo yomweyi kalekale: mu 1723 sukulu ya ukachenjede ya Cambridge italanda Richard Bentley madigiri ake osamumva, khoti lidalamula kuti amubwezere, ndipo woweruza wina adakumbutsa kuti ngakhale Mulungu adayamba wamufunsa Adamu asanamupatse chilango.

Monga ndikumvera ine, kumva mbali ya komiti kumafuna zinthu zinayi.

Choyamba ndi kalata yonena milandu momveka. Mawu oti "simukuyendetsa bwino" sakwanira. Kalata inene kuti ndi ndalama ziti, za chaka chiti, ndi lamulo liti lomwe laphwanyidwa.

Chachiwiri ndi kuona umboni. Ngati chigamulo chikuchokera pa lipoti la ounika mabuku, komiti ilione lipotilo. Munthu sangayankhe mlandu womwe waubisa m'kabati.

Chachitatu ndi nthawi yokwanira yoyankhira. Mamembala a komiti ndi alimi, ena amakhala kutali, ndipo malisiti safufuzidwa tsiku limodzi. Kalata yofika Lachisanu yofuna yankho Lolemba ndi mwambo chabe.

Chachinayi ndi wogamula wopanda mbali. Munthu yemwe ali pa mkangano ndi wapampando, kapena yemwe mbale wake akufuna mpandowo, sayenera kugamula. Ndipo akagamula alembe zifukwa zake, kuti zidziwike ngati yankho la komiti lidawerengedwa.

Nanga zinthu zikafika pothina?

Wina afunsa kuti, nanga ngati msungichuma akutapa ndalama usiku uno, boma lidikire makalata? Ayi. Nyumba ikamapsa sitiyamba ndi msonkhano. Makhoti m'maiko ambiri amavomereza kuti pa ngozi yeniyeni woyang'anira atha kuchitapo kanthu msanga, monga kuimitsa kutapa ndalama ku banki kapena kusunga mabuku, kenako n'kumva mbali ya oganiziridwawo posachedwa. Koma kuteteza chuma kwa masiku ochepa n'kosiyana ndi kuchotseratu komiti. Ngozi ikhale yooneka, osati chophimbira.

Dziko la India, komwe makopaletivi ndi ochuluka zedi, lidavutika ndi khalidwe lochotsa makomiti osankhidwa n'kuikapo anthu a boma. Mu 2013 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidaweruza mlandu wa banki ya makopaletivi ya m'boma la Panna ku Madhya Pradesh. Lidapeza kuti komiti idachotsedwa mosatsata lamulo ndipo lidaibwezera pa mpando kuti imalize nthawi yake. Lidatinso kuchotsa komiti yosankhidwa kuzichitika pokhapokha zinthu zitavutitsitsa, kuti komiti isalangidwe pa zolakwa za makomiti akale, komanso kuti ipatsidwe nthawi yokonza zomwe ounika mabuku apeza. Chigamulochi sichimanga makhoti athu, koma nzeru yake ndi yotola.

Zoyenera kuchita

Kalata yotere ikafika, musatseke zipata kapena kubisa mabuku, chifukwa potero mumadzipalira mlandu wina. Lembani tsiku lomwe mwailandira. Yankhani molemba, mfundo ndi mfundo, ndipo sungani kope lodindidwa ndi ofesi yomwe yalandira. Ngati zifukwa kapena lipoti sizidaperekedwe, zipempheni molemba ndipo tchulani gawo 43. Popereka makiyi, werengani matumba ndi katundu yense pamaso pa mboni ndipo mbali zonse zisaine. Funsaninso kuti woikidwayo akhala mpaka liti, ndipo chisankho cha komiti yatsopano chichitika liti, pakuti iye ndi mlonda wongogwirizira, eni ake ndinu.

Ngati simukukhutira, Bwalo Lalikulu lili ndi mphamvu younika momwe ofesi ya boma idafikira pa chigamulo chake. Apa musadalire mwambi woti mlandu suwola, chifukwa pempho lotere limayenera kukafika msanga, pasanathe miyezi itatu. Osowa ndalama za loya atha kukafunsa ku Legal Aid Bureau, ndipo ofesi ya Ombudsman nayo imalandira madandaulo a kusowa chilungamo m'maofesi a boma. Dziwani kuti khoti likathetsa chigamulo chifukwa komiti sidamvedwe, sikuti layeretsa komitiyo. Boma litha kuyambiranso, ulendo uno motsata njira.

Kwa mamembala anzanga ndikuti, ufulu umenewu si chishango cha akuba. Wakuba akamvedwa bwino, umboni uli poyera, chigamulo chimalimba ndipo sangakachigwetse ku khoti. Wosalakwa akamvedwa, dzina lake limapulumuka pamudzi. Ndipo njira yabwino yopewera zonsezi ili m'manja mwanu: pitani ku msonkhano wa pachaka, funsani lipoti la ndalama liwerengedwe mokweza, ndipo komiti ikalephera ichotseni nokha ndi mavoti anu, alendo asanabwere kudzakuchotserani.