Eoin MacNeill, Sipikala wa ku Ireland pa Nthawi Imene Dziko Linkagawanika

Eoin MacNeill adabadwa pa 15 Meyi 1867 m'mudzi wa Glenarm, m'boma la Antrim, kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Ireland. Adali katswiri wa mbiri yakale, mmodzi mwa anthu amene adatsitsimutsa chiyankhulo cha Chiairishi, mtsogoleri wa gulu lankhondo, nduna ya boma, komanso Sipikala wa Dáil Éireann, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kuyambira Ogasiti 1921 mpaka Seputembala 1922. Pampando wa Sipikala sadakhalepo nthawi yaitali, koma m'miyezi imeneyo ndi momwe aphungu adavotera nkhani imene idapereka ufulu ku gawo lalikulu la Ireland, n'kugwetseranso dziko m'nkhondo yapachiweniweni.

Pamene MacNeill ankabadwa, Ireland yense adali m'manja mwa Britain. Kuchokera mu 1801 dzikolo lidalibe nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo aphungu ake ankakakhala ku London. Njala yoopsa ya m'zaka za 1845 mpaka 1852 idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawira kunja. Ambiri mwa omwe adafa kapena kusamuka adali amphawi a kumidzi, eni ake chiyankhulo cha makolo. Otsalawo adayamba kuchiona chiyankhulo chawo ngati chizindikiro cha umphawi, moti makolo ankakakamiza ana kuyankhula Chingerezi kuti adzapeze ntchito. Kalembera wa 1851 adapeza anthu oyankhula Chiairishi pafupifupi 1.5 miliyoni; pofika 1891 adatsala osakwana 700,000.

MacNeill adakulira m'banja lachikatolika, naphunzira ku St Malachy's College mu mzinda wa Belfast, kenako n'kupeza ntchito ya ukalaliki ku Four Courts, likulu la makhoti ku Dublin. Chiairishi adachiphunzira ali wamkulu kale. Adayamba ndi mabuku, koma ataona kuti mabuku okha sakwanira, ankapita ku Inis Meáin, kachilumba ka miyala kumadzulo kwa dzikolo, kukakhala pakati pa asodzi amene ankachiyankhula tsiku ndi tsiku. Pa 31 Julayi 1893 iye ndi Douglas Hyde ndi anzawo ochepa adakhazikitsa bungwe la Conradh na Gaeilge. Hyde adali pulezidenti, MacNeill mlembi, ndipo ntchito yambiri yotopetsa ya makalata ndi misonkhano idagwera iyeyo. Bungweli lidatsegula makalasi amadzulo m'matauni, pomwe akalaliki, aphunzitsi ndi ogulitsa m'masitolo ankaphunzira chiyankhulo cha agogo awo akaweruka kuntchito. Mu 1899 MacNeill adakhala mkonzi woyamba wa nyuzipepala ya bungweli, An Claidheamh Soluis. Cholinga sichidali ndale, komabe ambiri mwa amene adadzamenyera ufulu wa dziko adadziwirana m'makalasi amenewa.

Luso lake lenileni lidali pa zolembedwa zakale. Ankawerenga mipukutu ya mibadwo ya mafumu ndi malamulo akale a Chiairishi mosamala kwambiri, n'kusonyeza kuti nkhani zina zomwe anthu ankazitenga ngati mbiri yeniyeni zidachita kulukidwa ndi akatswiri a m'zaka zapakati pofuna kukweza mabanja achifumu. Adasonyezanso kuti Ireland wakale adali ndi malamulo ndi dongosolo lake la ulamuliro, zomwe olemba mbiri ambiri a nthawiyo ankakana. Ntchito imeneyi idamupatsa udindo wa pulofesa wa mbiri yakale ya Ireland ku University College Dublin, ndipo mabuku ake awiri, Phases of Irish History la 1919 ndi Celtic Ireland la 1921, akuwerengedwabe.

Chimene chidamukokera m'ndale ndi nkhani imodzi ya m'nyuzipepala. Boma la Britain lidali litavomera kupereka ku Ireland ulamuliro wochepa wa nkhani zam'kati mwa dziko, koma Apulotesitanti a kumpoto adakana, ndipo mu 1913 adapanga gulu lankhondo la Ulster Volunteer Force kuti aletse zimenezo ndi mfuti. Pa 1 Novembala chaka chomwecho MacNeill adalemba nkhani yotchedwa The North Began, yonena kuti ngati a kumpoto aloledwa kunyamula zida, ofuna ufulu nawo ali ndi ufulu wochita chimodzimodzi. Pa 25 Novembala gulu la Irish Volunteers lidakhazikitsidwa ku Rotunda mu Dublin, iye ndiye mtsogoleri. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka mu 1914, gululo lidagawanika: ambiri adatsata mtsogoleri wa ndale John Redmond, amene adawalimbikitsa kulowa usilikali wa Britain, ndipo MacNeill adatsala ndi anthu pafupifupi 11,000.

Maganizo ake pa za nkhondo adali omveka. Ankakhulupirira kuti kuukira boma n'koyenera pokhapokha ngati Angerezi ayesa kulanda zida za gululo, kapena kukakamiza anthu kulowa usilikali, kapena ngati pali mwayi weniweni wopambana. Kutumiza anyamata kukafa popanda chiyembekezo ankakuona ngati tchimo. Chimene sankadziwa n'chakuti m'gulu lake lomwelo mudali kagulu kachinsinsi ka Irish Republican Brotherhood, momwe mudali Patrick Pearse, Tom Clarke, Seán Mac Diarmada ndi Joseph Plunkett, kamene kadakonza kale zoukira pa Lamulungu la Pasaka mu 1916, pogwiritsa ntchito asilikali ake omwewo.

MacNeill adazitulukira Lachinayi Loyera usiku, napita kukadzutsa Pearse kusukulu yake ya St Enda's n'kumuuza kuti aletsa zimenezo. Kutacha a kaguluko adamuuza kuti sitima yodzaza ndi mfuti za ku Germany ili m'njira, ndipo adagonja poganiza kuti nkhondo siingapewekenso. Loweruka adamva kuti sitimayo, Aud, imene idanyamula mfuti 20,000, yagwidwa ndipo yamizidwa, komanso kuti Roger Casement, amene adakambirana ndi Ajeremani, wamangidwa ku Kerry. Usiku womwewo adatuma amithenga m'zigawo zonse, ndipo iye mwini adapititsa chidziwitso ku nyuzipepala ya Sunday Independent choletsa kusonkhana kulikonse kwa gululo tsiku la Pasaka. Pearse ndi anzake adangosuntha tsiku n'kuyamba Lolemba pa 24 Epulo, koma anthu omwe adabwera adali ochepa, makamaka a mu Dublin. Adagonja pa 29 Epulo. Anthu pafupifupi 485 adafa, oposa theka ali anthu wamba, ndipo atsogoleri 16 adaphedwa ndi boma.

Kuyambira pamenepo dzina la MacNeill lidamatirira ku chidziwitso chimenecho. Ena amati adafooketsa nkhondo ya ufulu. Ena amati adapulumutsa miyoyo ya anyamata a kumidzi amene akadapita kunkhondo opanda zida. Kuyang'ana zomwe ankadziwa Loweruka lija, n'kovuta kumuweruza kuti adalakwa, pakuti anzake adamubisira zoona kwa miyezi yambiri. Angerezi sadasiyanitse. Ngakhale MacNeill sadawombeko mfuti, khoti la asilikali lidamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Atafika kundende ya Dartmoor ku England, akaidi ena achiairishi adali ndi mkwiyo naye, koma Éamon de Valera, amene adamenya nawo nkhondo ija, adatuluka pamzere n'kulamula anzake kuti amuchitire sawatcha ngati mkulu wawo. Adamasulidwa pamodzi ndi ena mu Juni 1917.

Pa chisankho cha Disembala 1918 chipani cha Sinn Féin chidapeza mipando 73 mwa 105 ya ku Ireland. MacNeill, poimira chipanichi, adapambana m'madera awiri, mu mzinda wa Derry ndi ku National University. Aphungu a chipanichi adakana kupita ku London. Adasonkhana ku Mansion House mu Dublin pa 21 Januwale 1919 n'kudzitcha nyumba ya malamulo ya dziko loima palokha. MacNeill adakhala nduna ya zachuma kwa miyezi yochepa, kenako ya zamafakitale. Pa nthawiyi padabuka nkhondo ya zigawenga yolimbana ndi Britain, imene idatha ndi pangano losiya kumenyana pa 11 Julayi 1921, ndipo mwezi wotsatira aphungu adamusankha kukhala Sipikala, udindo umene kumeneko umatchedwa Ceann Comhairle, m'malo mwa Seán T. O'Kelly.

Pa 6 Disembala 1921 nthumwi zotsogozedwa ndi Arthur Griffith ndi Michael Collins zidasaina pangano ku London. Maboma 26 adzakhala dziko lodzilamulira la Irish Free State, lofanana ndi Canada kapena South Africa pansi pa ufumu wa Britain. Aphungu adzalumbira kukhulupirika kwa mfumu. Maboma 6 a kumpoto adzaloledwa kukhalabe mbali ya Britain, ndipo komiti yapadera idzaunikanso malire. De Valera, amene adali pulezidenti, adalikana panganolo. Mkangano udabwera m'nyumba ya malamulo pa 14 Disembala, m'holo ya University College ku Earlsfort Terrace, pakoleji pomwe MacNeill ankaphunzitsa.

Ntchito ya Sipikala pamenepo idali yolemera kuposa masiku onse. Nyumbayo idali yatsopano, yopanda miyambo yokhazikika. Aphungu onse adali a chipani chimodzi, ambiri adakhalira limodzi m'ndende, ena adali akuluakulu a asilikali okhala ndi anyamata amfuti kumbuyo kwawo, ndipo tsopano ankanenana kuti ndi ogulitsa dziko. Mudalinso amayi 6, angapo mwa iwo ofedwa amuna, ana kapena alongo pa nkhondoyo, ndipo onse adatsutsa panganolo. Mmodzi mwa iwo, Mary MacSwiney, adayankhula kwa maola oposa awiri. MacNeill adali kumbali yovomereza, zomwe aliyense ankadziwa, komabe adalola mbali zonse kuyankhula mpaka mawu kutha. Ena adamudzudzula kuti ndi wofewa, wolekerera aphungu kutalikitsa nkhani. Koma m'nyumba imene theka lake lidali lokonzeka kutuluka, kutseka pakamwa munthu mmodzi kukadatha kuthetsa msonkhano wonse, ndipo kuleza mtima kwakeko ndi kumene kudafikitsa nkhaniyo pa voti. Pa 7 Januwale 1922 aphungu 64 adavomereza, 57 adakana. Patapita masiku awiri de Valera adatula pansi udindo, nalephera kusankhidwanso ndi mavoti 60 kwa 58, ndipo tsiku lotsatira iye ndi omutsatira adatuluka m'nyumbamo Griffith asadasankhidwe.

Voti sidaletse magazi. Pa 28 Juni 1922 asilikali a boma latsopano adayamba kuphulitsa Four Courts, momwe mudabisala otsutsa panganolo. Patatha masiku awiri moto udapsereza nyumba yosungiramo zolembedwa za boma yomwe idali pamalopo, ndipo zikalata za zaka mazana asanu ndi awiri zidasanduka phulusa. Mu Ogasiti Griffith adamwalira, Collins n'kuphedwa. Nyumba yatsopano itakumana mu Seputembala, Michael Hayes adatenga mpando wa Sipikala, MacNeill n'kukhala nduna ya zamaphunziro. M'mwezi womwewo mwana wake Brian, wophunzira zaudokotala amene adalowa mbali yotsutsa, adaphedwa ndi asilikali a boma paphiri la Ben Bulben ku Sligo pamodzi ndi anzake asanu. Abale ake a Brian awiri adali m'gulu lankhondo la boma lomwelo, bambo ake ali nduna yake.

Ku unduna wa zamaphunziro MacNeill adalimbikitsa kuphunzitsa Chiairishi m'sukulu, ndipo mu 1924 mudakhazikitsidwa mayeso a Intermediate Certificate ndi Leaving Certificate. Koma nthawi yake yambiri idapita ku komiti ya malire, momwe adaimira Free State. Wapampando adali Richard Feetham, woweruza wa ku South Africa, ndipo wachitatu adali J. R. Fisher, woimira kumpoto. Anthu a ku Dublin ankayembekezera kuti madera a Akatolika ambiri monga Tyrone, Fermanagh ndi mzinda wa Derry abwera kummwera. Feetham adawerenga panganolo mwina: kwa iye ntchito idali kungokonza malire apa ndi apo. MacNeill adadzitenga ngati woweruza osati nthumwi ya boma, nasunga chinsinsi cha komitiyo ngakhale kwa nduna zinzake, pomwe Fisher ankatsina khutu anzake a ku Belfast. Pa 7 Novembala 1925 nyuzipepala ya Morning Post idasindikiza mapu osonyeza kuti Free State ipeza malo ochepa, n'kutayanso mbali ya Donegal. Dziko lidakwiya. MacNeill adachoka m'komitiyo pa 20 Novembala, n'kusiya unduna pa 24 Novembala, akuvomereza pamaso pa aphungu kuti sadali munthu woyenera ntchitoyo. Pa 3 Disembala maboma a ku London, Dublin ndi Belfast adagwirizana kusiya malire monga adaliri, ndipo lipoti la komitiyo lidabisidwa mpaka 1969. Apa mlandu wake ndi wolemera kuposa wa 1916: akadachenjeza boma lake msanga, Akatolika a m'malire sakadadzidzimutsidwa chotero.

Adataya mpando wake wa uphungu pa chisankho cha Juni 1927 ndipo sadabwererenso m'ndale. Mu 1928 adakhala wapampando woyamba wa Irish Manuscripts Commission, bungwe lofufuza ndi kusindikiza zolembedwa zakale zomwe zidapulumuka, kuti tsoka la moto wa 1922 lisadzaonekenso. Adatsogolera Royal Irish Academy kuyambira 1940 mpaka 1943. Mng'ono wake James McNeill adali bwanamkubwa wa Free State kuyambira 1928 mpaka 1932, ndipo mdzukulu wake Michael McDowell adakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu mu 2006. Eoin MacNeill adamwalira ku Dublin pa 15 Okutobala 1945 ali ndi zaka 78. Akatswiri amamutcha tate wa maphunziro amakono a mbiri yakale ya Ireland, ndipo bungwe la Conradh na Gaeilge limene adaliyambitsa likugwirabe ntchito mpaka lero.