Ophunzira Udokotala ndi Chizolowezi Chokhala Chete Akasemphana Maganizo

Ophunzira udokotala amayamba kusemphana maganizo asanakhudze n'komwe wodwala, chifukwa zaka zoyambirira za maphunziro awo zimawaika m'timagulu momwe aliyense amadalira mnzake. Ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 pophatikiza College of Medicine ya ku Blantyre ndi Kamuzu College of Nursing, monganso m'sukulu zina za udokotala, ophunzira angapo amagwiritsa ntchito mtembo umodzi pophunzira anatomy, lomwe ndi phunziro la kapangidwe ka thupi. Apa m'pamene pamabuka madandaulo okhudza amene saleka mpeni kuti anzake agwireko, amene wabwera osawerenga, ndiponso amene amalankhula ngati ena onse sadziwa kanthu.

Mu 1974, Kenneth Thomas ndi Ralph Kilmann anafotokoza njira zisanu zimene anthu amatsata pakabuka mkangano: kulimbana kuti apambane, kugonjera, kuzemba nkhaniyo, kulolerana kuti aliyense asiyeko pang'ono, ndi kufunafuna limodzi yankho lokomera onse. Kwa wophunzira watsopano kuzemba ndiko kosavuta, poti anzakewo adzakhala nawo zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo iye analeredwa podziwa kuti kuyankha wamkulu ndi mwano. Choncho dandaulo silifika kwa mwini wake, limangothera m'miseche ya ku hostel ndi pa WhatsApp.

Ulemu wotere ndi wabwino pakhomo, koma ukazika mizu m'chaka choyamba umatsatira wophunzirayo mpaka m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth, komwe angaone kuti mlingo wa mankhwala walakwika iye n'kungoti laponda la mphawi poopa dokotala wamkulu. N'chifukwa chake aphunzitsi sayenera kuona mikangano ya m'timagulu ngati zachibwana, koma ngati mpata wozoloweza achinyamatawa kutsutsa mnzawo pamaso popanda kumunyoza.

Kuopsa kosamvetserana kuchipatala kunaoneka ku England mu 2005, pomwe Elaine Bromiley anamwalira madokotala atalephera kumulowetsa paipi yopumira pokonzekera opaleshoni yaing'ono, ngakhale kuti manesi anazindikira vutolo n'kubweretsa zida zoboolera pakhosi, zomwe sizinagwiritsidwe ntchito. Mwamuna wake Martin, yemwe ndi woyendetsa ndege, anayambitsa bungwe la Clinical Human Factors Group mu 2007 kuti azaumoyo atengere zimene oyendetsa ndege amachita, zophunzitsa wamng'ono kuchenjeza mkulu wake momveka bwino ndiponso zophunzitsa mkuluyo kumvetsera.