Wojambula amayamba ndi moni

Loweruka lililonse la nyengo ya maukwati, pakhomo pa holo pamaima munthu amene sanalandire khadi loitanira. Kamera ili pakhosi, kachikwama kali paphewa, nsapato zatuwa ndi fumbi. Mkwati samudziwa, mkwatibwi samudziwanso. Koma tamumvani mmene akulankhulira ndi mayi amene wangotsika minibasi: "Amayi, mwadzuka bwanji? Nsalu imeneyi ndiye isabwerere kunyumba osajambulidwa. Taimani cha apa, dzuwa likhale kumaso." Mayi uja amayamba wakana, kenako n'kuseka, n'kukonza duku, n'kuima. Perekaniperekani akamafika pachimake, mwini kamera amakhala atazemba kale, wathamangira kukatsuka. Anthu potuluka amapeza nkhope zawo zitayalidwa pa thebulo kapena pakhonde, aliyense atawerama kufunafuna yake. Wina amagula, wina amangodziyang'ana n'kumapita. Zithunzi zotsala ndiye kuluza kwa wojambulayo, pakuti nkhope ya munthu wina sungakaigulitse kwina.

Anthu a ntchito imeneyi mumawapeza pa chinkhoswe, kutchalitchi tsiku la ubatizo, ku Zomba ophunzira a payunivesite akamalandira madigiri, ndiponso pafupi ndi maofesi a mapasipoti, komwe kansalu koyera kopachika pakhoma ndiye situdiyo yonse. Ambiri timaganiza kuti luso lawo lili pa chala chodina batani. Ine ndawaonerera nthawi yaitali, ndipo ndatsimikiza kuti luso lalikulu lili pakamwa. Munthu wosamudziwa sangokupatsa nkhope yake. Amayamba wakuyeza ngati uli waulemu, ngati sukufuna kumuseka, ngati udzabweradi nacho chithunzicho. Zonsezi wojambula amayenera kuziyankha m'kamphindi kochepa, munthuyo asanadutse.

Nthawi ya filimu ntchitoyi inali yoikira mtima m'manja. Filimu imodzi inkatola zithunzi 24 kapena 36, ndipo panalibe kagalasi koonera ngati munthu waphethira kapena mutu wadulidwa. Wojambula ankayenda pa njinga kapena wapansi, kuchokera kumsika kupita kusukulu, kuchokera kusukulu kupita kumidzi, akulandira theka la ndalama ndi kulemba m'kope. Wojambulitsa ankadikira mpaka filimuyo idzaze, ndiye mwini wake akwere basi kupita m'tauni kukatsukitsa. Sabata imodzi, masabata awiri, nthawi zina mwezi wathunthu. Ikapsa filimu, kaya chifukwa wina watsekula kamera mwachibwana, kaya otsuka alakwitsa, wojambula ankabwerera mudzi ndi mudzi kukapepesa ndi kujambulanso ulere, apo ayi mbiri yake inkathera pomwepo. Ena ojambulitsa ankasamuka asanamalize kulipira, ndipo chikwama chake chinkalemera ndi nkhope zopanda eni.

Chimene chimandigwira mtima pa nthawi imeneyo ndi kubwerako. Munthu amene anakutola chithunzi ankabweranso pakhomo pako, n'kukhala pa mpando, n'kutulutsa envulopu, banja lonse litamuzinga. Pofika ulendo wachitatu sanalinso mlendo: ankadziwa kuti mwana uja wayamba kuyenda, kuti bambo a pakhomopo ali ku Joni ndipo chithunzichi chikupita komweko.

Ntchito yomweyi inakweza anthu awiri a mumzinda wa Bamako, ku Mali, mpaka dziko lonse linawadziwa. Seydou Keïta anali mwana wa mmisiri wa matabwa, ndipo kamera yake yoyamba, ya Kodak Brownie, anapatsidwa ndi wachibale wake mu 1935. Mu 1948 anatsekula malo ojambulira pakhomo pake. Nsalu yoyamba imene ankapachika kumbuyo kwa anthu inali yoyala pabedi pake. Ankasunga masuti, mawotchi, zolembera, magalasi a maso, wailesi ndi njinga yamoto yoti ojambulitsa abwereke, ndipo pofuna kusunga filimu, kawirikawiri ankadina kamodzi kokha pa munthu mmodzi. Kudina kamodziko kunkadza pambuyo pa kucheza: munthuyu akufuna kuti abale ake amuone ngati ndani? Dzanja aliike pati, ndolo zioneke bwanji? Mnzake Malick Sidibé ndiye ankatsata achinyamata kumagule a usiku m'zaka za m'ma 1960, dziko lawo litangolandira ufulu. Ankazungulira madansi angapo usiku umodzi, n'kukatsuka mbandakucha, kenako n'kumata tizithunzi ting'onoting'ono pa mapepala kuti ovina aja adzasankhe zogula. Sizikusiyana kwenikweni ndi za mnzathu wa pakhomo pa holo uja. Mu 2007 Sidibé analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, ndipo anamwalira mu 2016.

Pa nkhani ya Keïta pali kanthu kowawa. Mu 1991 zithunzi zake zina zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lake, zitalembedwa kuti wojambula wake sakudziwika. Panafunika munthu wochokera ku France, André Magnin, kupita ku Bamako kukafufuza, ndipo Sidibé ndi amene anazizindikira n'kumulozera kwa mwini wake. Dzina la wojambula linabwerera, koma maina a amayi ndi abambo ambiri a m'zithunzizo, amene lero apachikidwa m'nyumba zoonetseramo zaluso ku Ulaya ndi ku America, anatayika.

Apa ndi pamene ntchitoyi imagawikana pawiri. Pali wojambula amene amakutola kuti akugulitse chithunzi chako, ndipo bwana wake ndiwe. Palinso amene amakutola kuti akaonetse anthu ena: wa nyuzipepala, wa magazini, wa bungwe lothandiza anthu, mlendo wodzaona dziko. Ameneyu safuna ndalama yako, ndipo palibe chomukakamiza kubwerera kwa iwe.

Mu Marichi 1936, pa nthawi imene chuma cha dziko la America chinali chitagwa, Dorothea Lange, amene ankajambulira boma, anaima pa msasa wa anthu aganyu yothyola nsawawa ku Nipomo, m'dera la California. Anapeza mayi wa zaka 32 atakhala m'kachisakasa, ana atamuyedzamira, dzanja lili pachibwano. Anamujambula kangapo n'kupitiriza ulendo. Chithunzicho chitatuluka m'nyuzipepala, boma linatumiza chakudya kumsasako, koma mayiyo ndi banja lake anali atachokako kale. Lange anavomera yekha pambuyo pake kuti sanafunse dzina lake. Nkhope ya mayiyo inazungulira dziko lonse kwa zaka zoposa 40 ilibe dzina, mpaka mu 1978 pamene anadziwika kuti ndi Florence Owens Thompson, ndipo iye anadandaula kuti sanapezepo kanthu. Momwemonso mtsikana wa ku Afghanistan amene Steve McCurry anamujambula mu 1984 kumsasa wa othawa nkhondo ku Pakistan: anaikidwa pachikuto cha National Geographic mu Juni 1985, koma dzina lake, Sharbat Gula, linadziwika mu 2002, wojambulayo atabwerera kukamufuna. Sindikuti ojambula awiriwa anali oipa mtima. Zithunzi zawo zinatsekula maso a anthu ambiri. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa phulalo anadya ndi wojambulidwa.

N'chifukwa chake ndimalemekeza njira imene Brandon Stanton anatsata. Iyeyu ntchito yake ya zamalonda itatha ku Chicago mu 2010, anasamukira ku New York ndi cholinga chojambula anthu 10,000 a m'misewu. Poyamba zinali nkhope zokha. Kenako anayamba kulemba pansi pa chithunzi mawu amene munthuyo wanena, ndipo anaona kuti owerenga akukopeka ndi mawuwo kuposa nkhope. Ntchitoyo, yotchedwa Humans of New York, inasanduka yocheza kwambiri kuposa yojambula: kuimitsa munthu amene sali pachangu, kupempha chilolezo, kukanidwa kambirimbiri, ndipo akavomera wina, kumufunsa funso lolowa m'kati n'kukhala chete kumvetsera. Mu Januwale 2015 anafunsa mnyamata wa ku Brownsville, dera losauka la ku Brooklyn, za munthu amene wamuthandiza kwambiri pa moyo wake. Mnyamatayo anatchula mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yake, Nadia Lopez. Stanton sanangofalitsa n'kuiwala. Anapita kusukuluko, ndipo anthu anasonkha ndalama zoposa madola 1 miliyoni zothandizira ana a pamenepo. Mwezi wotsatira atatuwo anakakumana ndi Pulezidenti Barack Obama. Sikuti aliyense amene Stanton anacheza naye zinamuyendera chotero, ndipo n'zoona kuti mabuku a nkhani za anthu enawo anatukula iyeyo. Komabe munthu wa m'chithunzi anapatsidwa pakamwa.

Kuno kwathu kamera ya mtundu wachiwiriwu timaidziwa bwino. Imabwera pa galimoto nthawi ya njala kapena madzi akasefukira, monga zinalili namondwe Freddy atagwetsa mapiri ndi nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Marichi 2023. Zithunzi za masiku amenewo zinathandiza kuti thandizo lifike, ndipo ojambula ena, a kuno ndi akunja omwe, anagwira ntchito yawo molira. Koma ndinaonanso, pa msasa wina umene sindiutchula, wojambula akuuza ana kuti asiye kuseka ndipo asavale malaya amene anali atangolandira. Sanafunse dzina la mwana ngakhale mmodzi. Mayi wa pamsika akamabisa nkhope ndi chitenje n'kunena kuti "Mutipatsa zingati? Mukufuna mukatigulitse kunja," ena amati ndi dyera. Ine ndimamva munthu amene anajambulidwapo kale koma chithunzi chake sanachione.

Tsopano foni yapatsa aliyense kamera, ndipo mbali imene yatayika ndi ya moni ija. Pa ngozi ya pamsewu anthu amafika ndi mafoni m'mwamba, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake pa WhatsApp, mthenga wonena zovuta asanafike pakhomo. Wojambula wakale uja, ngakhale anali wosaka ndalama, sakanatha kuchita zotere, chifukwa mawa lake ankadutsanso m'mudzi momwemo.

Foni yomweyo yadya msika wake. Kampani ya Kodak, imene inkapanga filimu zambiri zimene ankagwiritsa ntchito, inagwa mu 2012, ndipo malo ambiri otsukira filimu anatsekedwa kapena anasanduka osindikizira zithunzi za pa kompyuta. Ojambula ena anasiya n'kuyamba kabaza kapena geni ina. Ena anaphunzira kujambula vidiyo, anagula kamakina kosindikizira kokwana m'chikwama kuti chithunzi chituluke pomwepo, kapena amakulitsa ndi kuika m'felemu zithunzi zimene anthu amabwera nazo pa foni. Achinyamata ali ndi masitudiyo a magetsi owala ndi masamba a pa Facebook, ndipo ena mwa iwo akuyenda m'misika ndi m'madepoti kujambula ogulitsa tomato, osoka nsapato ndi onyamula katundu, n'kulemba nkhani zawo m'Chichewa. Ndimasangalala ndikaona kuti wina wabwerera kumsika komweko atanyamula chithunzi chosindikiza.

Mayi anga anajambulidwa kamodzi kokha ali mtsikana. Anali akuchokera kumjigo pamene bambo wina wa kamera, wodutsa pa njinga, anawapatsa moni n'kuwafunsa za kwawo, mpaka kupeza kuti agogo ake ndi a mbali yomweyo. Anawauza kuti atule ndowa, akavale diresi la kutchalitchi, iye adikira. Anadikiradi pansi pa mtengo wa mango, akucheza ndi agogo. Patatha masabata atatu anabwera nacho. Tsiku la maliro a mayi, zithunzi za pa foni zinalipo zambirimbiri, koma azakhali anaumirira kuti tikulitse chimenecho. Pochitulutsa mu alubamu ndinachitembenuza, ndipo kumbuyo kwake kunali dzina la mayi lolembedwa ndi bolopeni ya buluu, dzina la mudzi, ndi mawu akuti "wapereka theka". Wojambulayo dzina lake sanalembepo, ndipo azakhali amangomukumbukira kuti anali wamtali, wa chipewa choyera.